Ya Pulasitiki Idule Kuposa ya Galasi?

"Iwe mwanawe, ukundiyesa wobwera lero m'tauni muno? Ya pulasitiki idule kuposa ya galasi?"

Ofunsawo anali mayi wina wogulitsa kaunjika, ndipo mawu awo anakafika mpaka pa siteji ya akabaza. Anali ataima pa kashedi ka malata kufupi ndi msika kwa Kaliyeka, pamene mnyamata wina amakonzerapo ndi kutchajirapo mafoni. Magetsi anali atathima chim'mawa, ndiye benchi ya pakhomopo inadzaza ndi ife odikira kuti mafoni athu amweko moto wa sola. Panali mkulu wina wa kabaza amene njinga yake inali pa mzere, madala ena a chipewa chotuwa, aphunzitsi ena opuma ntchito amene kale ankaphunzitsa Physical Science, ndi kamnyamata kena kachete kumapeto kwa benchi. Wodikira foni sapita kutali, choncho mkanganowo tinaumva wonse.

Foni ya mayiwo inali iPhone X yogwirapo kale ntchito, imene mlongo wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Ndiyo imawadyetsa. Akatsegula belo, amajambula madiresi ndi majekete abwinoabwino n'kuika pa WhatsApp, makasitomala a ku Area 47 ndi ku Area 18 n'kumasankha ali m'nyumba zawo. Dzulo lake inawapulumuka m'manja n'kugwera pa simenti. Galasi linang'aluka pakona, ndipo kunsi kwa mng'aluwo kunabadwa kabanga kakuda kofiirira m'mphepete. Kutacha, kabangako kanali katakula, katameza kale pamene pamaonekera nthawi.

Mnyamatayo anali atayala masikirini atatu pa thebulo. "Amayi, ine ndakuyalirani kuti musankhe nokha. Iyi ndi incell, ndiyo yotsika mtengo. Iyi ndi hard OLED, ya galasi. Iyi ndi soft OLED, ya pulasitiki, ndipo ndi imene ikufanana ndi imene foniyi inabadwa nayo. Mtengo wake ndi womwe ndanenawo, kanga sindinaikepo kambiri."

"Pulasitiki ndi beseni langa lochapira lija. Chinthu cha orijino chimakhala cha galasi, ngakhale mwana akudziwa."

Pabenchi panamveka kuvomereza, ndipo sizodabwitsa. Pulasitiki imene timaidziwa ife ndi ya mipando yothyokera anthu pa maliro, ndowa zong'ambika ndi dzuwa la October, majumbo odzaza m'ngalande. Akatiuza kuti chinthu ndi cha pulasitiki, timamva kuti ndi cha masiku awiri. Koma apa mnyamatayo ndiye ankanena zoona, ndipo zinandipweteka kuona wonena zoona akutengedwa ngati wakuba, pamene anzake ena pa ntchito yomweyo amalowetsa sikirini iliyonse m'foni ya munthu, n'kuitcha orijino, kasitomala n'kuchoka akuthokoza.

Aphunzitsi aja anakonza kukhosi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Mwana wanga, mu katoni yako ya zakufayo muli sikirini ya mtundu umenewu? Taitulutsa tione."

Mnyamatayo anafukula mu katoni n'kutulutsa yosweka kale. Anaitenthetsa pang'ono, n'kusenda galasi lophwanyikalo ndi kampeni. Chotsala m'manja mwake kanali kapepala kakuda, kopyapyala, kachikasu kofiirira cha kumapeto. Anakapinda pakati pa zala, kanapindika osathyoka, n'kubwerera mwakale.

"Galasi limene mumakhudza ndi chala ndi chivundikiro chabe," anatero aphunzitsi. "Chimene chimayaka, chimene chimakuonetsani diresi lofiira lija, ndi aka. Nanga tepi yachikasu ili apoyo umachita nayo chiyani?"

"Ndimatchingira nayo tizipangizo ndikamawotcherera, kuti tapafupi tisapse."

"Taigunditsa chowotcherera chakocho. Kenako ugunditse jumbo iyi."

Nsonga yotenthayo inakhudza tepi, tepi ili phee. Itangoyandikira jumbo, jumbo inakwinyika n'kuboola pomwepo, kafungo n'kutipeza pabenchi. Mayi aja anasiya kulankhula. Aphunzitsi anawauza kuti tepiyo ndi kapepala kakuda kaja ndi mtundu umodzi wa pulasitiki, dzina lake polyimide. Kampani ya DuPont ya ku America inayamba kuigulitsa m'zaka za m'ma 1960 pa dzina la Kapton, ndipo timalamba tachikasu tolumikiza zipangizo m'kati mwa foni iliyonse ndi tapulasitiki yomweyo. Mnyamatayo anali atakhala nayo pa thebulo zaka zonsezi osadziwa kuti ndi m'bale wa sikirini imene amagulitsa modula.

Kupyapyala kwake nakonso n'kodabwitsa, ndipo ife Amalawi tili ndi poyezera. Lamulo la mu 2015 linaletsa majumbo osakwana ma micron 60, ndipo khothi la Supreme linagamula mu July 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Polyimide imene sikirini imamangidwapo imakhala ya ma micron 10 kapena 20 basi, kupyapyala kuposa malire a jumbo yoletsedwa.

"Ndiye kuti amayiwa akuyenda ndi pulasitiki yoletsedwa m'chikwama!" anatero wa kabaza, anthu n'kufa nacho chikhakhali, mayiwonso n'kumwetulira pang'ono.

Mwezi womwewo wa July 2019, ife tikulimbana ndi majumbo ku khothi, dziko la Japan linakhwimitsa malamulo otumizira ku South Korea zinthu zitatu zofunika m'mafakitale a zamagetsi, ndipo chimodzi mwa izo chinali mtundu wina wa polyimide. Maiko awiri olemera anasemphana mawu kwa zaka chifukwa cha nkhani imeneyi. Pulasitiki yoteroyo si ya beseni.

Madala a chipewa aja ndiwo anafunsa funso limene tonse tinali nalo: "Nanga kanthu kopyapyala chonchi amakagwira bwanji pokapanga? Sikakwinyika?"

Sakagwira ayi, ndipo luso lonse lagona pamenepo. Aphunzitsi anafotokoza mbali ina, ine ndiwonjezerepo zimene ndinawerenga. M'mafakitale a Samsung Display ku Asan, a LG Display ku Paju ndi ku Gumi m'dziko la South Korea, kapena a BOE ku Chengdu m'dziko la China amene anayamba kutulutsa masikirini opindika mu 2017, ntchito imayambira pa galasi lalikulu la mamita 1.5 m'lifupi ndi 1.85 m'litali. Galasi limenelo silidzapita m'foni; ndi pogwirira ntchito chabe. Amathirapo polyimide ikadali yamadzimadzi, n'kuiyala mofanana ponseponse, n'kuiwotcha mu uvuni mpaka iume, isanduke pepala lomatirira pa galasipo. Pamwamba pa pepalalo amamangapo timaswitchi ta silicon tosaoneka ndi maso, timene timatchedwa ma transistor. Kadontho kalikonse ka kuwala kali ndi timaswitchi take, ndipo iPhone X ya mayi aja ili ndi timadontho toposa 2.7 miliyoni. Kumanga timaswitchiti kumafuna kutentha kopitirira madigiri 400. Pulasitiki ya botolo la madzi imayamba kufewa isanafike n'komwe pa madigiri 100. Koma polyimide imapirira moto umenewo osafutukuka, osakwinyika.

Kenako pamabwera mankhwala owalawo, opangidwa kuchokera ku kaboni, amene amatulutsa okha kuwala magetsi akadutsamo. Galasi lija limalowetsedwa m'chipinda chachitsulo chopopedwa mpweya wonse. Pansi pake amatenthetsa mankhwalawo mpaka asanduke nthunzi, ndipo nthunziyo pokwera imadutsa pa chitsulo chopyapyala chobooledwa timabowo mamiliyoni, kuti chilichonse chikagwere pamalo pake: chofiira apa, chobiriwira apa, chabuluu apa. Chitsulocho amachipanga ndi Invar, chisakanizo cha chitsulo ndi nickel chimene sichifutukuka chikatentha, chifukwa kungosuntha ma micron owerengeka, chofiira chigwera m'malo mwa chobiriwira, sikirini yonse n'kukhala yotaya. Zambiri mwa zitsulo zobooledwazi zimachokera ku kampani ya Dai Nippon Printing ya ku Japan. Makina a nthunzi odalirika kwambiri amapangidwa ndi Canon Tokki m'tauni yaing'ono ya Mitsuke m'chigawo cha Niigata, ndipo nthawi imene iPhone X inkatuluka mu 2017, makina amenewa ankapangidwa ochepa kwambiri pa chaka moti mafakitale akuluakulu ankachita kuwadikira pa mzere. Mankhwala onsewa, atasanjikizana magawo angapo, sakwana ndi micron imodzi yomwe.

Akavundikira zonsezi, amawomba galasilo kumbuyo ndi kuwala kwa laser. Kuwalako kumadutsa m'galasi n'kukamasula polyimide, pepala n'kumatuka pamodzi ndi zonse zomangidwa pamwamba pake. Ndipamene limadulidwa kukhala masikirini a mafoni.

"Chabwino," anatero mayi aja. "Koma foni yangayi sipindika. Pulasitikiyo ikufunikiranji?"

Apa mnyamatayo sanadikire aphunzitsi, popeza iyi ndi ntchito ya manja ake. Anatembenuza sikirini yakufa ija n'kuloza kumunsi. "Onani apa, amayi. Sikirini siithera pamene mukuonapo. Imapitirira, n'kupindikira kumbuyo, kumene kuli kachipangizo koiyendetsa. Ndiye chifukwa chake chithunzi chimafika mpaka m'mphepete mwenimweni. Ya galasiyi singapindike, ndiye kumunsi kwake kumatsala mzere wakuda wokulirapo. Komanso ikagwa, ya galasi imasweka kawiri, pamwamba ndi m'kati. Ya pulasitiki nthawi zambiri limasweka ndi galasi lapamwamba lokha, ndipo amene ali ndi makina m'tauni amatha kusintha galasi lokhalo."

"Nanga yangayi bwanji sukungosintha galasi? Inkiyi siingapukutidwe?"

"Si inki, amayi. M'sikirini imeneyi mulibe chamadzimadzi chilichonse. Pakudapo ndi pakufa."

Ananena bwino. Mankhwala owala aja ali ndi adani awiri, chinyezi ndi mpweya umene timapumawu. Zikangowakhudza, kadontho kamazima ndipo sikayakanso. Foni ya mayiwo inagunda pakona mwamphamvu moti chotchinga cha m'kati chinang'ambika, mpweya wa kwa Kaliyeka n'kuyamba kulowa, n'kumapha timadontho mozungulira, usiku ndi usana. Banga lotere silibwerera m'mbuyo. Amene laoneka pa foni yake achotsemo msanga manambala ndi zithunzi sikirini isanade yonse.

Wa kabaza anatulutsa foni yake m'thumba la jekete, yokulungidwa mu kajumbo ka shuga. "Ine mvula ikayamba mu December, foni imagona umu. Pulasitiki siilowa madzi."

"Madontho salowa, achimwene, koma chinyezi chimadutsa," anayankha aphunzitsi. "Galasi ndi limene silidutsa kanthu. Pamenepo ndi pamene anthu a sayansi anavutikira zaka."

Mulingo umene akatswiri amafuna pa sikirini ya OLED ndi woti chinyezi chodutsa pa sikweya mita imodzi chisapitirire gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gramu pa tsiku. Pa liwiro limenelo, kuti gramu imodzi ya madzi idutse pangatenge zaka zoposa 2,700. Palibe pulasitiki imene ingakwanitse zimenezo payokha. Choncho pamwamba pa mankhwala owalawo amayalapo gawo lopyapyala la silicon nitride, lolimba ndi losadutsa chinyezi. Pamwamba pake gawo lofewa limene makina amathira timadontho monga imachitira printa, kuti likwirire kafumbi kalikonse ndi kulola sikirini kupindika. Kenako silicon nitride winanso. Kunsi kwa timaswitchi nakonso amaikako zotchinga. Zonsezi zimachitikira m'zipinda zimene wantchito amalowamo atavala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chifukwa kafumbi kamodzi kakhoza kuboola chotchingacho.

Kutalika kwa ulendowu kumaoneka pa zaka. Mu 1987, Ching Tang, wobadwira ku Hong Kong, ndi mnzake Steven Van Slyke, akugwira ntchito ku Eastman Kodak mumzinda wa Rochester, anaonetsa OLED yoyamba yowala bwino ndi magetsi osakwana ma volt 10. Kodak yake ndi yomwe ija ya mafilimu a ojambula zithunzi akale. Mu 1990 gulu la Richard Friend ku yunivesite ya Cambridge linapeza kuti pulasitiki ina payokha imatha kuwala. Mu 1992, ku Santa Barbara m'chigawo cha California, gulu limene munali Alan Heeger linapanga chowala chopindika pa pulasitiki ya mtundu wa mabotolo a madzi. Heeger yemweyo analandira mphoto ya Nobel mu 2000 pamodzi ndi Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa. Koma mafoni oyamba okhala ndi sikirini ya pulasitiki, Samsung Galaxy Round ndi LG G Flex, anafika pa msika mu 2013. Zaka 21 zinathera pa kuphunzira kutsekera chinyezi kunja ndi kupanga zinthuzi zambirimbiri osataya theka.

Wa kabaza anali asanathe. "Ine sabata yatha ndinanyamula bwana wina ku Gateway Mall galimoto yawo itafa. Anatulutsa foni, n'kuitsegula pakati, n'kusanduka yaikulu. Ndinatsala pang'ono kugwa pa njinga. Imeneyo ukhoza kuikonza, aise?"

"Imeneyo ayi, bigi. Ikabwera pano ndimaibweza. Sikirini yake yokha ingagule shedi yonseyi ndi ine ndemwe."

Kukana kwakeko kunandisangalatsa kuposa china chilichonse chimene ananena tsikulo. Mafoni opinda pakati anavutitsa ngakhale eni ake. Mu April 2019, Samsung inapereka Galaxy Fold kwa atolankhani kuti aiyese isanayambe kugulitsidwa pa mtengo wa madola 1,980. M'masiku ochepa ena mwa mafoniwo anafa. Atolankhani ena anamatula kapepala kapamwamba poganiza kuti ndi protekita wamba, pamene kanali mbali ya sikirini. M'mafoni ena tizinyalala tinalowera pa chopindira. Kugulitsa kunaimitsidwa mpaka September chaka chomwecho. Aphunzitsi anatenganso kapepala kakuda kaja n'kukapinda pang'onopang'ono. Anati chilichonse chikapindika, kunja kumakokeka, m'kati kumapanikizika, koma pakatikati pali mzere umene sukokeka kapena kupanikizika. Opanga sikirini amayeza kukhuthala kwa gawo lililonse, guluu amene, kuti timaswitchi ndi zotchinga zosachedwa kusweka zikhale pafupi ndi mzere umenewo. Womata protekita yokhuthala pa foni yopinda amasuntha mzerewo osadziwa. Mu 2020 Galaxy Z Flip inabwera ndi galasi lapamwamba la ma micron pafupifupi 30, lopyapyala moti limapindika, koma kunsi kwake idakali polyimide. Ndipo popeza Tecno, dzina lodziwika m'matumba ambiri kwa Kaliyeka, inatulutsa Phantom V Fold mu 2023, mafoni amenewa afika pa mathebulo ngati la mnyamatayu posachedwa, ogwirapo kale ntchito, chopindira chitatopa.

Aphunzitsi atatchula kuti kuwala kofiira ndi kobiriwira kumadalira chitsulo chosowa chotchedwa iridium, ndi kuti chochuluka chimakumbidwa ku South Africa, madala aja anakankhira chipewa kumbuyo.

"Kuti?"

"M'migodi ya platinum, cha ku Rustenburg."

"Ine ndinapita pa Teba, ndinagwira m'mgodi wa golide mpaka anatitsekera njira mu 1988. Ku Rustenburg kuli ana a mchemwali wanga mpaka lero. Ndiye mukuti mwala umene amakumba anawo uli m'foni ya mayiwa?"

Ulimo, ngakhale ndi kachepechepe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Stephen Forrest wa ku Princeton ndi Mark Thompson wa ku University of Southern California anaonetsa kuti mankhwala okhala ndi chitsulo cholemera ngati iridium amasandutsa pafupifupi mphamvu yonse yolowamo kukhala kuwala, pamene akale ankangogwiritsa gawo limodzi mwa magawo anayi. Iridium yokumbidwa pa dziko lonse siikwana matani 10 pa chaka, ndipo imapezeka ngati chotsalira poyenga platinum. Kuwala kwabuluu ndiko kwakhala kukuvutabe, ndipo ndiko kumafooka msanga. N'chifukwa chake foni yakale ya OLED imayamba kuoneka yachikasu, kapena kusunga chithunzithunzi cha kiyibodi pamene palibe kiyibodi.

"Mwala uchoke kuno kwathu kumwera, ukazungulire ku Korea, ubwere ngati galasi la foni, ife tigule ndi madola amene tilibe," anatero madalawo. Palibe anawayankha. Mnyamatayo anangowonjezera kuti masikirini ake amaoda kwa anthu amene amaitanitsa kuchokera ku Shenzhen, ena kudzera ku Dubai kapena ku Dar es Salaam, ndipo onsewo amawerengera dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya pa thebulo lake inakwera yokha iye asanakhudze kanthu. Kasitomala saona Shenzhen, saona banki; amaona mnyamata wa m'kashedi.

Mayi aja tsopano anali atakhala pansi, wa kabaza atawasunthira. "Ndionetse zonse zitatu ndi diresi langa."

Mnyamatayo analumikiza masikiriniwo imodziimodzi osamata, n'kutsegula chithunzi cha diresi lofiira lopachikidwa pa nsalu yakuda. Pa incell nsalu yakudayo inaoneka yotuwa, chifukwa sikirini ya mtundu umenewo ndi LCD: kumbuyo kwake kuli nyali yoyaka nthawi zonse, ndipo timadontho timangoyesa kutchinga kuwalako. Pa ziwiri za OLED chakuda chinali chakuda bii, popeza pamenepo timadontho tinali titazima, ndipo chofiira chinali chofiira psuu.

"Kasitomala wanga akaona mtundu wina pa foni, wina m'manja, amati ndamunamiza," anatero mayiwo. Kunena zoona, zimene kasitomalayo amaona zimadalira foni yake, koma iwonso ayenera kuona bwino chimene akujambula asanachitumize. Anawerenga ndalama za pa mpango, n'kuwerenganso. Za soft OLED sizinakwane. Anasankha hard OLED, atauzidwa mosabisa kuti ikadzagwanso mwina siidzapulumuka, ndipo anagulirapo chikuto cholimba m'makona. Ndikuona kuti anasankha bwino, chifukwa anasankha akudziwa chimene akugula ndi chimene akusiya.

Ndipamene kamnyamata kachete kaja kanalankhula. Kanati chaka chatha kanapita ndi foni yake pa shopu ina m'tauni, kanalipira mtengo wa orijino, ndipo anakaikira sikirini imene poyamba inkaoneka bwinobwino. Kufika kunyumba, potsegulira ndi chala pa sikirini panasiya kugwira ntchito, batire linayamba kutha dzuwa lisanalowe, ndipo sikiriniyo inatukuka pang'ono m'mphepete. Katabwerera, anakauza kuti foni yake ndi yokalamba.

"Anakuikira incell, mani," anatero wokonzayo. "Kachipangizo kowerenga chala kamayang'ana kudzera m'sikirini. OLED imalola, koma incell ili ndi nyali kumbuyo, imatchinga. Lisiti anakupatsa?"

"Analemba kuti screen, basi."

Nkhani ya kamnyamataka ndi yofala m'ma Kawale, m'ma Biwi ndi m'ma Area 23 monse, ndipo imakula chifukwa ambiri timaganiza monga ankaganizira mayi aja poyamba: cholemera ndi cholimba m'manja ndiye chenicheni. Tinenenso mwachilungamo kuti si foni iliyonse imene inabadwa ndi sikirini ya pulasitiki. Mafoni ambiri a mtengo wapakati ali ndi OLED ya galasi kuchokera ku fakitale, ndipo ochuluka zedi otsika mtengo ali ndi LCD. Pa amenewo galasi ndiye loyenera. Incell nayonso si tchimo. Munthu amene ndalama zamuthera, bola foni iyake, ali ndi ufulu woisankha. Cholakwa ndi kuigulitsa pa dzina ndi mtengo wa chinthu china. Anyamata ndi atsikana a ntchito imeneyi ambiri anaphunzira okha, pa YouTube ndi pa thebulo la mnzawo, ndipo amagwira zinthu zopangidwa m'mafakitale a mabiliyoni a madola ndi kampeni ndi chowotcherera cha sola. Ndimawalemekeza. TEVETA ndi makoleji a ntchito za manja ngati Lilongwe Technical College akanawaganizira ndi maphunziro aafupi a masikirini amakonowa mafoni opinda asanachuluke, chifukwa wokonza wosadziwa amawononga chinthu chodula ngakhale alibe mtima wakuba.

Inu amene foni yanu yasweka, musanapereke ndalama funsani kuti sikirini yake ndi incell, hard OLED, soft OLED kapena yochotsedwa m'foni ina, ndipo wokonzayo alembe mawu amenewo pa lisiti. Aiyatse muli pomwepo isanamatidwe. Tsegulani chithunzi chakuda, mutchinge ndi manja kuti pachite mdima: ikamawalabe, imeneyo si OLED. Yesani potsegulira ndi chala, muonenso kukula kwa mzere wakuda wa kumunsi. Akakugulitsani china pa dzina la china n'kukana kubweza, tengani lisitilo mukadandaule ku Competition and Fair Trading Commission, ofesi yake ili mu Lilongwe momwemuno.